Galimoto yoyendera mpweya ikamira m'madzi: zimene zimafa, ndi mmene amazikonzera

Range Rover, Discovery kapena Benz yaikulu, imene imakhala pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i achitsulo, ikamira m'madzi osefukira, madziwo akaphwa nthawi zambiri mumaipeza itagwada, matayala atabisala m'bodi, mimba itatsala pang'ono kugunda pansi. Mwini wake amathamangira kiyi kuti aone ngati ilire n'kudzuka. Ndalama zambiri zimathera pamenepo. Madzi paokha amaononga ndithu, koma zipangizo zodula zimene amakaniko amadzasintha pambuyo pake, zambiri zimafa pamene magetsi adutsamo zili zonyowa, kapena pamene kompuresa yopopa matumbawo yayamba kukoka madzi m'malo mwa mpweya. Galimoto imene aikoka kupita kugalaja atachotsa batire, ndi ina imene mwini wake waiyesa kuiliza ili m'matope, zimafika kwa makaniko zikuoneka chimodzimodzi, koma ndalama zokonzera zimasiyana kutali.

Vutoli lili pakhomo pathu. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anagwetsera madzi ndi matope m'makwalala a Blantyre. Komanso galimoto zathu zambiri timagula zoyendapo kale kuchokera ku Japan, Britain ndi South Africa, kumene nakonso madzi amasefukira. Mu Epulo 2022 madzi analowa m'fakitale ya Toyota ku Prospecton, mumzinda wa Durban, ndipo kampaniyo inasankha kuphwanya galimoto zatsopano zambiri zimene zinamira m'malo mozigulitsa. Amenewo ndi opanga galimotoyo, ali ndi zipangizo zonse ndi akatswiri onse, koma anaona kuti sangaikepo dzina lawo. Ife amene tilibe mwayi wotaya galimoto tiyenera kudziwa chimene chinawaopsa.

Galimoto wamba imakhala pa masipuling'i achitsulo. Izi tikukambazi zimakhala pa matumba a labala wolimba odzaza mpweya, limodzi pa tayala lililonse, kapena kumbuyo kokha monga zilili Prado zina ndi BMW X5 zina. Amakaniko ambiri matumbawa amawatchula kuti ma airbag, koma ndi osiyana ndi airbag yachitetezo imene imaphulika pangozi. Mpweya umachokera ku kompuresa yamagetsi, kamota kakang'ono koyendetsa pisitoni. Usanapite kwina kulikonse umadutsa mu dryer, kabotolo kodzaza timikanda toyamwa chinyezi. Kuchoka apo umasungidwa mu thanki, ndipo mavalavu amagetsi amaugawa ku thumba lililonse kudzera m'timapayipi tapulasitiki ta mamilimita 4 kapena 6. Pafupi ndi tayala pamakhala sensa ya kamkono kosuntha, imene imauza kompyuta kuti ngodya iyi yatsika kapena yakwera. Kompyutayo ndi imene imalamula: liza kompuresa, tsegula valavu iyi, tulutsa mpweya uko. Tayala lanu mumalipopa 2 bar kapena kupitirirako pang'ono, pamene mu thanki ya Discovery 3 mpweya umadutsa 15 bar. Nambala imeneyi muikumbukire musanamasule payipi iliyonse.

Range Rover inayamba kuyendera mpweya mu 1992, ndipo Mercedes-Benz inatulutsa Airmatic mu 1998 pa S-Class ya W220. Zakale zimenezo ndi zotsatira zake zinatsika mtengo, n'chifukwa chake zafika m'misewu yathu, labala wake atakalamba kale. Land Cruiser 100 ndi Lexus LX470 zimene zimakwera ndi kutsika musaziike m'gulu limeneli, zija zimakwezedwa ndi mafuta, ndipo kukonza kwake n'kwina.

Chimene chimapweteka galimotozi ndi malo amene opanga anaika zipangizo. Pa Discovery 3 ndi 4 komanso Range Rover Sport yoyamba, kompuresa ili kunsi, kumanzere, m'mbali mwa chassis kutsogolo kwa tayala lakumbuyo, itakutidwa ndi chivundikiro chapulasitiki chimene chimasunga matope. Pa Range Rover ya L322 ndi BMW X5 yoyamba, ili m'buti, m'dzenje la tayala la sipeya, kumene madzi akalowa sachoka okha. Pa Benz zambiri ili pansi kuseri kwa bampala wakutsogolo, pamene madzi amayambira kumenya. Timakompyuta nato tili pansi. Range Rover ya P38 ili ndi kabokosi kakakulu kolamulira maloko, magetsi ndi alamu kunsi kwa mpando wakumanja. VW Passat B5 ndi Audi A6 C5 zili ndi tina kunsi kwa kapeti, pomwe munthu amaponda. Benz ML ya W164 ili ndi kena m'ngodya ya buti kumanja, ndipo batire lake lili kunsi kwa mpando wakutsogolo. Choncho madzi safunika kufika pa chiwongolero kuti achite zoopsa. Akangonyowetsa kapeti, afika kale pa zinthu zodula.

Sikuti mpaka kubwere namondwe. Timapayipi totaya madzi a pa sunroof kapena a kunsi kwa galasi lakutsogolo tikatsekeka ndi masamba a jakaranda ndi fumbi, mvula iliyonse imatsikira m'kati mwakachetechete. Ndipo amene amadalira zolembedwa zakuti Discovery 3 imawoloka madzi akuya mamilimita 700 adziwe kuti amanena za kuwoloka ikuyenda, itakwezedwa, zotsekera zake zonse zili bwino. Kugona usiku wonse m'madzi ofika theka la pamenepo ndi nkhani ina.

Tsopano za magetsi. Anthu ambiri amaganiza kuti kiyi akachoka, galimoto yazima. Ayi. Batire limapitiriza kudyetsa timakompyuta tambiri usana ndi usiku, kuti rimoti igwire ntchito, alamu idikire, zosungidwa zisafufutike. Madzi osefukira si oyera, ali ndi dothi, mchere wa m'nthaka, feteleza ndi zonyansa za m'ngalande, ndipo madzi otere amadutsitsa magetsi. Pakati pa timano tiwiri ta pulagi, kena konyamula moto kena ka ethi, magetsi amayamba kuyenda kudzera m'madzimo, ndipo akamayenda amadya kopa. Chotsatira chake ndi dzimbiri lobiriwira kapena loyera ngati ufa limene mumalipeza mukazula pulagi. Pa kabolodi ka kompyuta timiyendo ta ma chip timatalikirana osakwana milimita imodzi, ndiye maola ochepa ndi okwanira kuti kamwendo kadyeke n'kuduka. Kabolodi komweko kakadanyowa popanda magetsi, kakanatha kutsukidwa n'kugwiranso ntchito.

N'chifukwa chake ntchito yoyamba, madzi akangophwa moti munthu atha kufikapo popanda kuika moyo pachiswe, ndi kumasula waya wa negative pa batire. Osaliza, osatembenuza kiyi kuti muone dashibodi. Musanatseke chitseko kapena buti, kumbukirani kuti maloko ambiri ndi amagetsi, ndipo mukhoza kudzitsekera kunja batire lili m'kati. Galimoto zokhala ndi handibuleki yamagetsi ndi giya ya otomatiki zili ndi njira yomasulira pamanja, yolembedwa m'buku la galimotoyo, ndipo ndi imeneyo muigwiritse ntchito poikoka. Yabwino ndi kuinyamula pa lole, chifukwa galimoto yogwada ikamakokedwa pa msewu wa maenje imamenyetsa pansi ndi kupinda matumba opanda mpweya. Ngati ndi hybrid, monga Aqua imene batire lake lalikulu lili kunsi kwa mpando wakumbuyo, mawaya a mtundu wa lalanje musawakhudze n'komwe. Itanani wodziwa ntchitoyo.

Musanamasule china chilichonse, jambulani zithunzi zoonetsa pomwe madzi analekezera, kunja ndi m'kati. A inshuwalansi adzazifuna ngati yanu ndi ya comprehensive, pakuti ya third party silipira kuonongeka kwa galimoto yanu. Makaniko nayenso mzere wa matopewo umamuuza kuti chilichonse chili kunsi kwake chifunika kutsegulidwa.

Za injini ndingodutsa mwachidule, chifukwa amakaniko athu amazidziwa bwino. Sefa ya mpweya ikapezeka yonyowa, injini isazungulitsidwe mpaka atachotsa mapulagi, kapena ma injector ngati ndi ya dizilo, kuti madzi atuluke. Madzi safinyika, ndipo pisitoni ikakumana nawo chimene chimapindika ndi chitsulo. Oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa madifu akaoneka ngati tiyi wamkaka, asinthidwe. Mafuta a mabuleki nawonso.

Pamene ntchito zambiri zimalakwikira ndi poumitsa. Munthu amatsegula zitseko, kuisiya padzuwa masiku awiri, kugwira kapeti n'kumva kuti yauma. Kunsi kwa kapetiyo kuli siponji yokhuthala yoletsa phokoso, ndipo imasunga madzi milungu yambiri. Mukaifinya ndi dzanja amachita kuchucha. M'menemo ndi momwe mwagona mitolo ya mawaya yochokera kutsogolo kupita kumbuyo, pamodzi ndi mfundo zimene mawaya angapo analumikizidwa kufakitale n'kukulungidwa tepi. Palibe njira yachidule: mipando ichoke, kapeti ituluke yonse, zitsekerero zalabala za pansi zizulidwe kuti madzi atuluke, matope atsukidwe, tepi ya pa mitolo imene inamira imasulidwe.

Waya wagalimoto m'kati mwake ndi tizingwe tambirimbiri takopa, ndipo madzi amakwera pakati pa tizingweto monga palafini amakwerera chingwe cha koloboyi. Atha kulowera pa pulagi ya sensa kunsi kwa galimoto n'kukatulukira pa kompyuta imene sinamire n'komwe. Mukasenda waya n'kupeza kopa wakuda m'malo mwa wofiirira wowala, pitirizani kusenda mpaka mutapeza woyera, dulani pamenepo, lumikizani watsopano ndi kutseka ndi kachubu kofota ndi kutentha. Kungopotokola mawaya awiri n'kukulunga tepi yakuda kumagwira mwezi umodzi kapena iwiri, kenako vuto limabwerera pamalo oti kapeti yabwezedwa kale.

Kabokosi ka kompyuta kamene kanamira kamafuna kutsegulidwa, ngakhale kunja kakuoneka kouma. M'kati mumapeza kamzere kofiirira kosonyeza pomwe madzi anaima, ndi tizidutswa ta dothi pakati pa timiyendo. Kuumitsa kokha sikuthandiza, chifukwa madzi akauma mchere ndi dothi zimatsala, ndipo nyengo ya mvula ikabwera zimayamwanso chinyezi cha mumpweya n'kupitiriza kudya. Choncho kabolodi kamayamba katsukidwa ndi madzi osungunula aja amagulitsa owonjezera mu batire, madzi okha osati asidi, pogwiritsa ntchito kaburashi kofewa. Kenako kamatsukidwa ndi isopropyl alcohol, amene amathamangitsa madzi n'kuuma msanga. Anyamata okonza mafoni amamudziwa bwino, ndipo ena a iwo ali ndi kamakina kotsukira ka ultrasonic kamene kamafika ndi kunsi kwa ma chip kumene burashi siifika. Ine ndimaona kuti pa ntchito imeneyi wokonza mafoni waluso amaposa makaniko wa sipanala, ndipo palibe chamanyazi kuti awiriwa agwirire limodzi. Kabolodiko kaume masiku angapo pamalo ofunda podutsa mphepo, osati pafupi ndi mbaula. Kukakwirira mu mpunga sikuchotsa mchere. Kakauma, kaunikidwe ndi galasi lokulitsa zinthu: kanjira kakopa kodyeka kamalumikizika, koma ma relay, timasiwichi tating'onoting'ono toyatsidwa ndi magetsi, omatidwa pa kabolodi amasunga madzi m'kati ndipo ndi bwino kuwasintha.

Mapulagi amafuna kuleza mtima komweko, imodzi imodzi. Mafuta opopera aja timamasulira mabawuti adzimbiri si ake pamenepa, pali mankhwala ake otsukira mapulagi amagetsi. Sandipepa nayenso amachotsa kachikuto kopyapyala koteteza timano, ndipo dzimbiri limabwerera mofulumira kuposa kale. Kadzino kamene kadyeka kasinthidwe.

Pali zinthu zimene sindingalole kuti zitsukidwe n'kubwezedwa. Kompyuta ya airbag yachitetezo nthawi zambiri imakhala pansi, pakati pa mipando yakutsogolo, ndipo ikamira isinthidwe basi, pamodzi ndi zokokera malamba zimene zinanyowa. Wailesi ikafa mwezi wamawa mudzangodandaula. Airbag ikakana kutuluka pangozi, kapena ikaphulika yokha mukuthamanga, palibe mwayi wachiwiri. Mapulagi ake ndi achikasu. Asamasulidwe batire lili pamalo pake, dikirani kanthawi mutalichotsa, ndipo mita yoyezera magetsi isagundidwe pa waya wopita ku airbag. Pali ena amene amathimitsa nyali yake pa dashibodi mwachinyengo kuti galimoto ioneke yabwino. Kumeneko ndi kuika moyo wa munthu pangozi iye asakudziwa.

Kabokosi kakafa ndithu, musakataye. Timakompyuta tambiri tinalembedwa nambala ya galimotoyo ndi chinsinsi cha makiyi ake, moti kakaunjika kochokera m'galimoto ina sikangogwira ntchito mukakalumikiza. Kamafuna kulembedwanso ndi makina, ndipo nthawi zambiri katswiri amatha kukopera zosungidwa kuchokera ku ka chip ka m'kabokosi kakufako n'kuziika m'katsopano. Nambala ya pa chikuto ifanane ndendende, chifukwa galimoto za mtundu umodzi zimasiyana malinga ndi chaka ndi dziko limene zinapangidwira.

Zonse zikauma, magetsi asabwezedwe mwachimbulimbuli. Mabokosi a mafyuzi atsegulidwe mpaka kunsi kwake, ndipo mabawuti amene mawaya a ethi amamangidwa pa bodi amasulidwe, apalidwe, amangidwenso. Ethi yadzimbiri imabweretsa zizindikiro zosokoneza kwambiri: mukayatsa indiketa, wayipa n'kuyamba kuyenda. Timakompyuta timalankhulana kudzera pa mawaya awiri opotana otchedwa CAN, njira imene kampani ya Bosch inatulutsa mu 1986. Batire lisanalumikizidwe, pa galimoto zambiri mita ikayeza pakati pa dzino la 6 ndi la 14 pa pulagi ya OBD, pomwe amalumikiza makina oyezera makompyuta a galimoto, imayenera kuonetsa pafupifupi ma ohm 60. Ikaonetsa 120, penapake paduka. Ikaonetsa pafupi ndi ziro, mawaya awiriwo agundana. Kabokosi kamodzi kodwala katha kutseka pakamwa anzake onse, dashibodi n'kudzaza nyali ngati zonse zafa. Makaniko wofatsa amazula kamodzi kamodzi mpaka enawo atayambanso kulankhula. Wopupuluma amalemba mndandanda wa zogula zisanu pamene chakufa n'chimodzi.

Batire likhale lamphamvu, chifukwa lofooka limabala mauthenga abodza. Fyuzi kapena relay ya kompuresa ikhale itazulidwa kaye. Mukalumikiza, makina oyezera awerenge zolakwika zonse, zisungidwe, zifufutidwe, kenako muone zimene zabwerera, pakuti zimenezo ndizo zenizeni. Galimoto ikazima n'kugona, magetsi amene ikukoka pa batire asamapitirire pafupifupi ma milliamp 50. Akapitirira kwambiri, pali kabokosi kamene kakukana kugona, ndipo kawirikawiri ndi kamene kanamwa madzi. Dziwaninso kuti galimoto itha kukana kukwera mbali ya mpweya ilibe vuto lililonse. Kompyuta yake imadalira uthenga wa ABS (yoletsa matayala kukakamira pomanga mabuleki), wa chiwongolero, wa mabuleki ndi wa zitseko, ndipo umodzi ukasowa imasankha kusakweza galimoto, kapena kuitsitsa dala.

Tifike pa mpweya penipeni. Apa ndiyambe ndi chenjezo, chifukwa anthu amafa nazo: munthu asalowe kunsi kwa galimoto imene yangoimira mpweya kapena jeke. Payipi ikazuka kapena valavu ikatseguka, matani awiri ndi theka amatsika nthawi yomweyo. Pakhale zochirikiza zachitsulo pa chassis, ndipo mpweya utulutsidwe pang'onopang'ono musanamasule cholumikizira chilichonse.

Kompuresa ichotsedwe ndi kutsegulidwa, osati kungoilumikiza ku batire kuti mumve ngati ikulira. Yang'anani payipi yokokera mpweya ndi sefa yake. Mukapezamo madzi kapena matope, ndiye kuti alowanso mkati. Dryer inapangidwira chinyezi cha mumpweya, ndipo imadziumitsa yokha: galimoto ikamatsika, mpweya wouma umabwerera kudzera momwemo n'kutuluka ndi chinyezicho. Madzi enieni siwakwanitsa. Timikanda tija timasweka n'kusanduka phala, phalalo likauma limakhala fumbi loyera limene limatseka sefa ndi valavu yotulutsira mpweya. Apa mpamene galimoto imakwera koma osatsika, kapena kompuresa imalira nthawi yaitali mpweya osadutsa. Timikanda tatsopano, masefa ndi mphete ya pisitoni zimagulitsidwa pazokha pa mitundu yodziwika monga Hitachi, AMK ndi Wabco, ndipo ngati mota ili bwino, kukonza n'kotchipa kuposa kugula yonse. Koma madzi akalowa mu mota, mabering'i amachita dzimbiri ndipo imadzafa posachedwa ngakhale lero ikulira.

Mukaika kompuresa ina, sinthaninso relay yake. Ndi kanthu kotchipa, koma timano take tikamatirira, kompuresa imangolira osaima, galimoto ili chizimire, mpaka kupsa. Ambiri apsetsa yatsopano chifukwa cha relay yakale.

Ngati kompuresa inalira itamwa madzi, madziwo anakankhidwira kutsogolo. Mapayipi onse amasulidwe mbali zonse ziwiri n'kuuziridwa ndi mpweya wouma, thanki ikhuthulidwe, mavalavu atsegulidwe pa tebulo loyera. M'kati mwa valavu muli timphete talabala tating'ono, ndipo kamchenga kamodzi kokha kakakhala pamenepo galimoto imagona chopendekeka usiku uliwonse. Kulumpha gawo limeneli ndi kumene kumachititsa kuti munthu agule kompuresa kawiri, chifukwa chinyontho chotsala m'mapayipi chimabwerera kudzakhutitsa dryer yatsopano.

Matumba enieniwo saopa madzi, amaopa mchenga. Labala wake amapindika ndi kugudubuzika pa chitsulo kapena pulasitiki galimoto ikamakwera ndi kutsika, ndipo matope akauma m'mapindikiromo amamukhula mpaka kuboola. Galimoto ikwezedwe kuti matumba atambasuke, atsukidwe bwino, muone ngati pa mapindikiro pali ming'alu. Powabwezera mpweya, galimoto ikhale itachirikizidwa pafupi ndi msinkhu wake wanthawi zonse. Thumba lopanda mpweya likatsikiridwa ndi kulemera konse limapindika molakwika, ndipo likapopedwa lili lotero limaonongeka. Masensa a msinkhu amalowa madzi kudzera pa pulagi, ndipo timikono tawo timathyoka ndi zinyalala zokokoloka. Sensa ikasinthidwa, galimoto iimikidwe pamalo osalala, iyezedwe ndi tepi kuchokera pakati pa wilo kufika pa mkombero wa bodi, ndipo manambalawo alowetsedwe mu kompyuta ndi makina. Popanda zimenezo imayenda chopendama ndi kudya matayala mbali imodzi.

Ikadzuka, ntchito sinathe. Thirani madzi a sopo pa zolumikizira zonse ndi pa matumba, muone pamene pakutuluka thovu. Madzulo yezani ngodya zonse zinayi, lembani, zulani fyuzi ya kompyuta ya mpweya kuti isadziwongole yokha usiku, m'mawa muyezenso. Ngodya imodzi ikatsika, vuto lili pa thumba limenelo, payipi yake kapena valavu yake. Zikatsika ziwiri za ekiselo imodzi, kayikirani bokosi la mavalavu. Kudontha kwakung'ono sikoyenera kukunyalanyaza, chifukwa kompuresa sinapangidwe kuti izilira kosalekeza. Imatentha, mphete imatha, kenako imafa, ndipo mwini galimoto amaimba mlandu kompuresa pamene wolakwa ndi thumba.

Ena akatopa amachotsa zonse n'kuika masipuling'i achitsulo. Sindiwanyoza. Kwa munthu amene amayenda maulendo a kumudzi, kutali ndi makina oyezera, galimoto imene singagwade panjira ndi mtendere. Koma adziwe kuti akutaya kukwera pamalo oipa ndi kudziwongola ikanyamula katundu, ndipo kompyuta iyenera kuuzidwa za kusinthako, apo ayi nyali ndi belu sizisiya. A inshuwalansi nawo adziwitsidwe. Chachikulu n'chakuti masipuling'i amathetsa za mpweya zokha. Mawaya amene anagona m'madzi akadali momwemo.

Ndiye kodi yomira iliyonse ndi yoyenera kukonza? Madzi akalekezera kunsi kwa zitseko, kawirikawiri ndi ntchito yotsuka, kusintha maoyilo ndi kuona kompuresa. Akafika pa kapeti ndi kunsi kwa mipando, ndi ntchito ya milungu, yotheka ngati batire linachotsedwa msanga. Akakwera mpaka dashibodi, pa galimoto zodzaza makompyuta ngati zimenezi, ndalama zokonzera zimatha kuposa mtengo wake, ndipo ine ndingalangize kuigulitsa ngati zipangizo. Madzi a m'nyanja yamchere ndiye oipitsitsa, zomwe n'zofunika kuzikumbukira pa galimoto zochokera kumadoko. Ngakhale yokonzedwa bwino iyenera kubwerera pa makina pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, chifukwa dzimbiri la m'mapulagi limaonekera mochedwa: lero windo, mawa loko, mkuja nyali ya ABS.

Kuchedwa kumeneku ndi kumene kumapereka mpata woti galimoto yomira igulitsidwe ikuoneka yabwinobwino. Ku Britain, kuyambira mu Okutobala 2017, galimoto zimene a inshuwalansi azilemba kuti zatha zimaikidwa m'magulu A, B, S ndi N. Za A ndi B siziyenera kubwereranso pamsewu, S imatanthauza kuti chimango cha galimoto chinaonongeka, pamene N imatanthauza kuti chimango sichinaonongeke, zomwe sizikutanthauza kuti magetsi ali bwino. Nambala yake ya ku Britain ndi yokwanira kufufuzira mbiri imeneyi pa intaneti musanalipire. Ku Japan pepala la pa okushoni limalembedwa ngati galimoto inamirapo, choncho funsani pepala lenileni ndipo wina wodziwa chilankhulocho akuwerengereni. Ikafika, kapena ngati mukugula pompano, musakhutire ndi kuwala kwa penti. Tulutsani tayala la sipeya muone pansi pake. Suzumirani njanji za mipando ndi mabawuti ake ngati ali ndi dzimbiri, pakuti m'nyumba ya galimoto simuyenera kuchita dzimbiri. Kokani lamba wa mpando mpaka kumapeto muone ngati pali mzere wa matope kapena nkhungu. Zulani pulagi imodzi kunsi kwa mpando, osati yachikasu, muone mtundu wa timano. Kapeti yatsopano m'galimoto yakale, kapena fungo lamphamvu la perefyumu, zikupatseni mafunso. Potembenuza kiyi, nyali ya airbag iyake kaye kenako izime yokha. Ndipo pemphani kuti galimotoyo igone pamalo amodzi usiku wonse osailiza, inu mudzafike m'mawa ndi tepi yanu mwini wake asanaigwire.